TIRI TONSE: Kodi Sewero Likoma Poonerera Kapena Posewera?

Madzulo ena m'mwezi wa Juni, chimanga chitalowa kale m'nkhokwe, tidacheza pa khomo lina kuno kwa Katuli, kum'mawa kwa boma la Mangochi, kufupi ndi malire a dziko la Mozambique. Anansi ambiri a banja limeneli amalankhula Chiyao, koma pa khomopo amalankhula Chichewa. Kunja kunkazizira, ndipo moto udali utasonkhedwa pa bwalo. Mai okalamba a pakhomopo, amene adzukulu ao amawaitana kuti Anganga monga mwa chizolowezi cha kuno, adasendeza chikuni, nakonza kukhosi, nati: "Padangokhala!"

Padalibe woyankha. Adzukulu onse asanu adali ataunjikana pa khonde, mitu pamodzi, maso pa foni imene bambo wao adatumiza kuchokera ku Johannesburg. Gogowo adabwereza. Kamtsikana kamodzi kadachita manyazi, kadabwera kudzakhala pa moto nkuyankha kuti, "Tiri tonse." Enawo adatsatira mokoka miyendo. Nthano ya Kalulu ndi Fisi isanafike pakati, mnyamata wa zaka 12 adati: "Anganga, bwanji Fisi ndi Kalulu akulankhula ndi mau amodzimodzi? Anthu a pa foni amasintha mau, ndiponso pamakhala nyimbo."

Mwanayo sadanene mwachipongwe, ndipo zimene adanenazo zidali zoona. Gogowo adaseka, nadula nthano msanga, nati, "Kaphuleni mbatata." Atatero adakagona. Kwa masabata ambiri pambuyo pake, tikawafunsa za nthano, yankho lidali limodzi: "Ine za masiku ano sindizitha. Akamvere aluso aowo."

Nkhani imeneyi ioneka yaing'ono, koma yatisautsa mu mtima. M'menemo muli funso limene banja lirilonse liyenera kuyankha masiku ano: ngati pali anthu aluso amene angatichitire chinthu bwino kopambana, kodi pali chifukwa choti ife tizichichitabe tokha, mosadziwa bwino chonchi?

Vuto lomwelo kutsidya kwa nyanja

Mphwathu wina amene amaphunzira ku Zomba adali nafe usiku umenewo. M'mawa mwake adatiuza kuti zimene tidaonazo si za kwa Katuli kokha. Ngakhale m'maiko olemera muli anthu amene adagwa ulesi wosewera ndi anzao chifukwa adaona akatswiri akusewera pa intaneti. Nkhani yake ndi iyi.

M'chaka cha 1974, ku America, amuna awiri, Gary Gygax ndi Dave Arneson, adasindikiza malamulo a sewero lotchedwa Dungeons & Dragons. Kaseweredwe kake nkotere. Anthu anai kapena asanu amakhala mozungulira tebulo. Mmodzi ndiye mwini nthano: amafotokoza dziko, njira, adani ndi alendo amene apaulendo akumana nao. Enawo aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nthanomo, wina msilikali, wina mlenje, wina sing'anga, ndipo amanena yekha chimene munthu wakeyo achite. Mwini nthano akati, "Mwafika pa mtsinje wodzaza, mlatho wathyoka," wosewera amayankha kuti, "Ine ndidula mtengo kuti tiwolokerepo." Pofuna kudziwa ngati atha kapena alephera, amaponya dayisi wa mbali 20. Si njuga ai, pakuti sabetcherana ndalama, ndipo palibe wopambana mnzake. Mathero a nthano palibe amene amawadziwiratu, ngakhale mwini nthano amene.

Kwa zaka 40 sewero limeneli lidali makamaka la m'nyumba, la abale ndi abwenzi. Koma m'mwezi wa Malichi 2015 gulu lina la abwenzi a ku Los Angeles lidayamba kuonetsa sewero lao pa intaneti sabata iriyonse, pa dzina loti Critical Role. Mwini nthano adali Matthew Mercer. Iye ndi anzakewo ntchito yao ya masiku onse ndi kulankhulira makatuni ndi masewera a pa kompyuta, kotero kuti kusintha mau ndiko kumene amadyera. Anthu adayamba kukhala maola atatu kapena anai akuonerera anzao akusewera. M'chaka cha 2019 gululi lidapempha oonerera kuti asonkhe ndalama zopangira kanema wa nthano yao, ndipo anthu oposa 88,000 adasonkha madola oposa 11 miliyoni. Mu Okutobala 2023 anthu oposa 12,000 adalipira kuti akawaone akusewera ku Wembley, mu mzinda wa London. Gulu linanso, lotchedwa Dimension 20, lotsogoleredwa ndi Brennan Lee Mulligan, lidadzaza nyumba yaikulu ya Madison Square Garden ku New York mu Januwale 2025.

Zimenezi zidakopa anthu ambiri atsopano kuti ayambe kusewera, ndipo nzoyamikika. Koma padabukanso dandaulo. Achinyamata ankafika pa tebulo la mnzao akuyembekeza kuti mnzaoyo alankhula ngati Mercer. Akaona kuti akuchita chibwibwi, akuiwala maina, ndipo mfumu ndi wakuba akulankhula ndi mau amodzimodzi, ankakhumudwa. Eni nthano ena adachita manyazi nkuleka. Vutoli lidafala kotero kuti osewera adalipatsa dzina la Mercer yemweyo, ndipo mwini wake adadandaula poyera, nawakumbutsa kuti tebulo lirilonse liri ndi kaseweredwe kake. Mphwathu atamaliza kufotokoza, tidaona kuti mnyamata wa ku America ndi mdzukulu wa Anganga adanena mau amodzi.

Nafenso tiri nao masewera otere

Tisaganize kuti kusewera nthano pamodzi nkwachilendo kwa ife. Amene tidakulira m'midzi tikukumbukira masanje. Anthu akatha kukolola, ana tinkapita m'munda kukamanga timisasa ta mapesi. Atsikana ankakunkha chimanga chotsalira, kusinja ndi kuphika m'timiphika, anyamata nkumasaka mbewa ndi ziwala. Tinkagawana maudindo: uyu bambo, uyu mai, uyu mwana, uyo mfumu yoweruza mirandu. Wina ankakhala tambala, ndipo akalira ndiye kuti kwacha ngakhale dzuwa liri pamutu. Wina ankakhala fisi wodzaba ndiwo usiku. Palibe amene adatilembera mau oti tinene. Aliyense ankapeka yekha, ndipo sewero linkapita kumene eni ake alipititsa. Woonerera padalibe, pakuti mwana wofika mochedwa ankapatsidwa udindo nthawi yomweyo, ngakhale wa galu.

Nthano za pa moto nazo siziri za munthu mmodzi. Wofotokoza akati "Padangokhala," sangapitirire mpaka amve "Tiri tonse," ndipo mau amenewa amabwerezedwa pa mpumulo uliwonse. Omvera akaleka kuyankha, nthano imafa, chifukwa ndiye kuti agona kapena atopa nayo. Pakafika nyimbo, wofotokoza amayambitsa, ena onse nkuvomera. Mwana angathe kudula mau nkufunsa, kapena kutsutsa kuti dzulo Kalulu sadatero. Tsono "Tiri tonse" si mau aulemu chabe. Ndi pangano lakuti nthanoyi tikuisenza pamodzi, monga tisenzera denga.

Taonaninso bawo, limene amuna amasewera pa mithunzi ya mango m'dera lonse lino la Mangochi. Liri ndi maenje 32 m'mizere inai, ndi nkhomo 64. Osewera ndi awiri okha, koma oonerera amakhala ambiri, ndipo sakhala chete: amawerenga maenje ndi maso, amalangiza, amaseka wodyedwa. Komabe pa bawo pali lamulo losalembedwa. Wogonja akanyamuka, mmodzi wa oonerera aja amakhala pa mpando. Munthu amene amalongolola kwambiri amauzidwa kuti, "Khalani apa tikuoneni." Pa bawo woonerera ndi wosewera amene akudikira nthawi yake.

Aluso adafika pakati pathu

Masewera oonerera kapena omvera chabe sadayambe ndi foni. Chiyambire 1964 wailesi ya MBC idalowa m'midzi, ndipo mudzi wonse unkaunjikana pa khomo la munthu mmodzi amene adali ndi wailesi ndi mabatire. Ndani wa msinkhu wathu angaiwale Kapalepale, sewero la Smart Likhaya Mbewe? Pambuyo pake tidaseka ndi Izeki ndi Jakobo, ndiwo John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene onse awiri adatisiya, woyamba mu 2016, mnzake mu 2021. Wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba mu 1999, ndipo m'misika mudabuka tinyumba toonetsera mavidiyo. Lero ana athu ogwira ntchito ku South Africa amatumiza mafoni ndi magetsi a dzuwa, kotero kuti aluso a dziko lonse lapansi angathe kulowa pa khonde lathu usiku uliwonse.

Tisakhale osayamika. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Masewera a pa wailesi adatiphunzitsa zambiri za umoyo, za ulimi ndi za banja, ndipo adanena poyera zina zimene m'mudzi tinkaopa kutchula. Munthu wodwala amene sangatuluke m'nyumba, kapena mnyamata amene akugona yekha m'kachipinda ku Johannesburg kutali ndi abale, amapeza chitonthozo chenicheni pomva anthu akucheza ndi kuseka m'foni mwake. Luso ndi mphatso, ndipo kuona munthu akuchita bwino chinthu chovuta kumakondweretsa mtima. Sitikunena kuti masewera amenewa ndi chikomekome cha mkuyu chokhala ndi nyerere m'kati. Tikungonena kuti ndi chinthu china, chosiyana ndi sewero la pakhomo, ngakhale ziwirizi zifanana maonekedwe.

Kusiyana kwake kuli pati?

Choyamba, sewero loonetsa limapangidwira anthu amene sali pa tebulo. Wosewera pamaso pa kamera amalankhula ndi mnzake, koma khutu lake lina liri kwa zikwi za oonerera. Sangaime nthawi yaitali akuganiza, sangayasamule, sangaleke pakati chifukwa choti mlendo wafika kapena nsima yapsa. Kwa iye sewero lasanduka ntchito, yokhala ndi malipiro, otsatsa malonda ndi nthawi yake yoikika. Sewero la pakhomo limapangidwira okhawo amene alipo. Likawakomera iwo, lakwanitsa cholinga chake chonse, ngakhale munthu wodutsa m'njira angaone ngati phokoso wamba.

Chachiwiri, pali zambiri zimene woonerera saziona. Saona zaka zimene waluso adaphunzira kusintha mau, masiku amene adakonzekera nthano ya usiku umodzi, anthu oyatsa nyali ndi otchera makina a mau, amisiri osema timapiri ndi tinyumba toika pa tebulo. M'masewera ena mbali zotopetsa amazidula asanaonetse. Mdzukulu uja, poyerekeza agogo ake ndi anthu a pa foni, ankayerekeza mai amene tsiku lomwelo adatunga madzi, adasinja ndi kuphika, ndi gulu lathunthu la anthu olipidwa. Muyeso wotere ndi wosalungama, ngakhale woyesayo alibe mtima woipa.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, sewero la pa foni silitidziwa. Anganga amadziwa kuti kamtsikana kaja kamaopa mdima, motero Fisi akafika amachepetsa ukali wake. Amadziwa kuti mnyamata uja adaba mtedza dzulo, motero Kalulu wa usiku umenewo amakodwa pa msampha wa m'munda wa mtedza, ana onse nkuseka akuyang'ana mwini mlandu, iye nkumva popanda kumenyedwa. Nthano yao imapindika malinga ndi nkhope zimene akuziona pa moto. Foni ilibe maso otiona. Mwana angaseke, angalire, angagone, iyo imangopitirira. Tingaiyankhe "Tiri tonse" kokwana zana, koma siimva, ndipo siidikira.

Chodabwitsa nchakuti aluso eni ake amadziwa zimenezi. Gulu la Critical Role lidayamba ngati sewero la m'nyumba, lokondwerera tsiku lobadwa la mmodzi wa iwo, Liam O'Brien, ndipo adasewera okha kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo kamera isanafike. Chimene oonerera amakonda mwa iwo si mau osinthasintha okha ai, koma ubwenzi wa anthu odziwana kalekale, amene mwini nthano amapekera aliyense njira yomuyenera. Munthu wotengera mau a Mercer koma osayang'ana anzake a pa tebulo watola makoko nkusiya mtedza. M'chinthu chenichenicho Anganga afanana kwambiri ndi Mercer kuposa mnyamata amene amangomutsanzira.

Kodi chokoma kopambana sindicho choyenera?

Wina angatitsutse motere: "Mukuyamikira umbuli. Nyumba ikafuna denga timaitana mmisiri wodziwa, sitinena kuti denga lodontha nlabwino chifukwa tidafolera tokha. Mwana akadwala timathamangira ku chipatala. Nanga bwanji pa za chisangalalo tikakamire zosakoma pamene zokoma ziripo?" Funso limeneli nlolemera, ndipo tiyenera kuliyankha mosathawa.

Zinthu zimene anthu timachita ziri za mitundu iwiri. Zina ubwino wake uli pa chotsatira chake. Denga, chitsime, mankhwala ndi mlatho ndi za mtundu umenewu: wopanga angakhale yani, chofunika nchakuti denga lisadonthe. Koma zina ubwino wake uli pa amene akuchita ndi amene akuchitirana naye. Mnansi akaferedwa, sitilemba ganyu munthu wodziwa kulankhula kuti akatipepesere. Timapita tokha, kukakhala pansi, ngakhale mau atisowe. Khanda likamalira usiku silifuna woimba wotchuka wa pa wailesi. Limafuna mau a mai wake, ngakhale akhale osasa. Moni wa m'mawa sitingamutumize kwa katswiri wa moni. M'zinthu zotere, munthu wina akatichitira, chinthucho chatayika, ngakhale achite bwino chotani.

Sewero liri pakati pa mitundu iwiriyi, ndipo mpamene timasokonezekera. Tikafuna kuona luso, tipite kwa aluso. Koma masanje, nthano za pa moto ndi sewero la pa tebulo la abwenzi ziri za mtundu wachiwiri. Mwana amene wakhala mfumu m'masanje waphunzira kumva mbali ziwiri asanaweruze. Amene wakhala fisi walawa kuthamangitsidwa ndi mudzi wonse. Amene waponya dayisi nalephera kuwoloka mtsinje waphunzira kuseka tsoka lake ndi kupempha anzake kuti amuvuule. Zimenezi sizilowa mwa munthu kudzera m'maso. Tingaonerere akatswiri a bawo chaka chathunthu, koma dzanja limaphunzira kutakata pokhapokha litagwira nkhomo.

Tivomerenso kuti sewero la pakhomo siliri loyera nthawi zonse. M'masanje mwana wamphamvu ankakonda kudzipatsa ufumu masiku onse, wofooka nkumakhala fisi kapena galu mpaka kulira. Atsikana ankaitanidwa kukatsuka mbale nthano iri pakati, anyamata nkutsala akumvera. Alipo amuna amene bawo lidawadyera munda. Ndipo alipo akuluakulu amene nthano zao nzongoopseza ndi kunyoza, kotero kuti mwana wothawira pa foni sitingamudzudzule. Koma zolakwa zimenezi zimakonzeka chifukwa ochitawo ali pamodzi ndipo angathe kudzudzulana. Ndipo kukonzako nakonso ndi mbali ya phunziro.

Choopsa chenicheni sichiri m'foni, chiri mu mtima mwa woonerera. Munthu amene wazolowera kuonerera osasewera amasanduka woweruza. Amadziwa kupeza chirema pa chirichonse, chifukwa sadayesepo kuima pakati pa bwalo. Pa bawo wolongolola amauzidwa kuti akhale pa mpando, ndipo manyazi a kudyedwa amamuphunzitsa chifundo. Foni siimuuza munthu kuti, "Khalani apa tikuoneni." Mbali ina ya choopsa chomwecho iri mwa ife akuluakulu: ndiyo manyazi. Anganga sadalandidwe nthano ndi munthu. Adaisiya okha chifukwa adakhulupirira kuti chinthu chosachitika mwaluso nchosayenera kuchitika. Manyazi otere amaoneka ngati kudzichepetsa, koma amamana ana chimene munthu wina aliyense sangawapatse.

Phunziro la ku Liwonde

Kuno kwathu aluso ena adazindikira msanga malire a luso lao. M'zaka za m'ma 1980 aphunzitsi ndi ophunzira a zisudzo a ku Chancellor College, pakati pao Christopher Kamlongera ndi David Kerr, ankapita m'midzi ya kufupi ndi Liwonde kukachita masewera okhudza umoyo: madzi akumwa, zitsime, zimbudzi ndi matenda. Adaona kuti anthu akangoonerera amaseka, kuomba m'manja nkubwerera kwao osasintha kanthu. Tsono adayamba kuimitsa sewero pakati nkufunsa anthu kuti, "Nanga apa titani?" Anthu a m'mudzi ankayankha, kutsutsana, ena nkulowa m'bwalo kudzatenga mbali, ndipo pambuyo pake ankapeka masewera aoao. Anthu ophunzira kwambiri za zisudzo adabwerera ku nzeru ya pa moto, yakuti nkhani imagwira mtima wa amene waisenzako.

Enanso adagwira ntchito yosunga nthano kuti zisatayike. M'chaka cha 1985 Bambo Matthew Schoffeleers ndi Adrian Roscoe adasindikiza ku Limbe buku la nthano za m'Malawi lotchedwa Land of Fire, ndipo masiku ano nthano zimajambulidwanso ndi makina. Ntchito imeneyi njofunika. Komabe nthano ya m'buku kapena ya m'foni iri ngati usipa wouma: umasungika, umayenda ulendo wautali kuchokera ku nyanja mpaka kuno ku mapiri, ndipo umatipulumutsa pa njala, koma sungaswane. Nthano imaswana m'kamwa mwa anthu amoyo, pamene mwana wamva, wasintha pang'ono, nakafotokozera mng'ono wake.

Tibwerere pa moto

Tsono tichite chiyani m'mabanja mwathu? Kubisa foni m'nkhokwe sikungathandize, ndipo kutukwana ana kuti ataya mwambo kungowathamangitsira kutali. Njira imene tikuiona ndi ya pa bawo: woonerera apatsidwe mpando. Mwana akaona sewero lokoma, timufunse kuti, "Ukadakhala iwe ukadatani?" Akanena kuti aluso amasintha mau, timuuze kuti ayese iye. Pakhale usiku umodzi pa sabata umene foni ipumula ndipo banja lisewera lokha, kaya ndi nthano, ndagi, bawo kapena sewero lopeka. Atsikana asachotsedwe pakati kuti akatsuke mbale. Mbale zidikire, kapena anyamata athandize kuti onse ayambire pamodzi. Ndipo ife akuluakulu tilole kusekedwa. Bambo amene akulira ngati tambala pamaso pa ana ake sadataye ulemu. Ana amenewo adzakumbukira usiku umenewo iye atapita kale.

Mphwathu uja atabweranso pa tchuthi, adapita kwa gogo aja nati: "Anganga, ine ndaona akatswiri a ku America, koma iwo sadziwa njira ya ku chitsime chathu. Inu mukhale mwini nthano, ana awa akhale nyama." Gogowo adakana kawiri, kachitatu adavomera. Dayisi padalibe, motero adatenga nkhomo za bawo: gogowo amafumbata zingapo m'dzanja, ndipo mwana akalosa bwino dzanja lake ndiye kuti chimene wafuna kuchita chatheka. Mnyamata wodandaula uja adapatsidwa Fisi. Adayesa kusintha mau, koma adatsamwa, mau nkutuluka ngati a mbuzi. Onse adaseka mpaka misozi, ndipo iye adayamba wakwiya, kenaka adaseka nao. Kamtsikana kamantha kaja kadali Kalulu, ndipo m'malo monyenga Fisi monga nthano imanenera, kadaganiza zomuitana kudzadya nsima. Gogowo adakhala chete kanthawi, chifukwa chibadwire sadamvepo Kalulu wotero, kenaka adapeka njira yatsopano pomwepo.

Munthu akadajambula usiku umenewo nkuuika pa intaneti, sakadapeza oonerera khumi. Nthanoyo siidathe nkomwe, pakuti wamng'ono adagona pa miyendo ya agogo ake ndipo moto udazirala. Koma m'mawa mwake tidamva ana akukangana pa njira ya ku sukulu ngati Fisi adayenera kukhululukidwa kapena ai, ndipo madzulo mnyamata uja ndiye adakatola nkhuni osatumidwa.

Sitinganene kuti foni idaiwalika pa khomo limenelo. Ikadalipo, ndipo mausiku ambiri ndiyo imapambana. Aluso adzapitirira kutisangalatsa, ndipo tiwayamike. Koma awerengi okondedwa, m'nyumba mwanu muli nkhalamba kapena mwana amene ali ndi nthano, ndipo akuopa kuiyamba chifukwa akudziyesa wosadziwa. Akadzalimba mtima nati "Padangokhala," musamusiye yekha. Ikani pansi chimene chiri m'manja, sendererani ku moto, ndipo muyankhe kuti, "Tiri tonse."